Nyama yolasidwa ndi ngozi ya mudzi wonse

Kucokela mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu ku Malawi, alimi a m'malile a Lundazi ndi Lumezi akhala akudandaula za minda yoonongeka. Munthu akapeza cimanga cake cili pansi, mtima umathamangila ku mfuti. Koma tiyeni timve zimene alenje enieni amadziwa.

Mlenje wodziwa nchito yake amalunjika pa cifuwa, pamwamba pa mwendo wakutsogolo, pamene pali mtima ndi mapapo. Cipolopolo cikalowa pamenepo, nyama siipita patali. Cikalowa m'mimba kapena pa nchafu, nyama imathawa ndi bala, ndipo ingavutike masiku ambili isanafe. Njati yotele imabisala pa zitsamba zowilila, ndipo amene imakumana naye kawilikawili si mlenje uja ayi, koma mai wotola nkhuni kapena mwana wopita ku sukulu.

Mtunda nawonso ndi mdani. Ku America, alenje a elk, nyama yaikulu ya nyanga za nthambi, ali ndi mfuti za magalasi oonela patali, ndipo ena amaombela pa mamita 400 kapena kuposa apo. Ngakhale kumeneko anzao amawadzudzula, cifukwa pa mtunda wotele cipolopolo cimatsika, mphepo imacikankha, ndipo nyama ingasunthe cisanafike. Ngati zili conco ndi zida zamakono, nanga bwanji gogodela wothilidwa misomali, woombedwa usiku m'munda? Alenje a safari m'dela la Lumimba amalondola njati ndi mfuti zikuluzikulu monga ya .375, koma nawonso amayamba ayandikila, ndi kudikila kuti nyama iime bwino. Ikakhala pakati pa zinzake kapena kuseli kwa mtengo, amatsitsa mfuti.

Lamulo la nyama zakuthengo, Zambia Wildlife Act ya 2015, limaletsa kusaka popanda laisensi. Limanenanso kuti wolasa nyama yoopsa, ngati walephela kuimaliza, akanene kwa akuluakulu oyang'anila nyama. Nchito imeneyi inacoka m'manja mwa ZAWA, tsopano ili ndi dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Kubisa nkhani poopa mlandu ndi kuika miyoyo ya anansi pa ciswe.

Njila ina ilipo. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo Lundazi ndi amodzi mwa malo ake oyamba, lalandila mfuti ndi mawaya kwa anthu amene anasiya kusaka ndi kuyamba kulima nshawa, soya ndi kuweta njuci.

Inu a m'mipingo ndi m'makalabu a alimi, kambilanani nkhaniyi. Mukaona njati kapena njovu yotsimphina kapena ya bala, musailondole. Cenjezani mudzi, dziwitsani a mfumu ndi maskauti a nyama tsiku lomwelo.