Si Galasi Ayi, Ndi Resin

Funso limene ndimalimva kawirikawiri pamalo anga a ntchito ku Kalingalinga ndi ili: “Amisiri, galasi ili mwalidula bwanji kuti likwane chonchi?” Si galasi ayi. Ndi resin, ndipo timachita kuthira ili yamadzimadzi. Maluwa amene mukuwaona pansi pakewo ndi chitenje cha ku Kamwala chomatidwa pathabwa ndi guluu. Kumata nsalu kapena mapepala kotereku ndiko kumatchedwa decoupage.

Ndiyambe ndi thabwa, poti ntchito imakomera kapena kuipira pomwepo. M'nyumba za ku Matero ndi ku Chawama mukadali matebulo ndi makabati a mukwa, umene kum'mawa timati mlombwa, mtengo woti chiswe sichiulowa chisawawa. Kafunseni ku msika wa Buseko kuti thabwa limodzi la mukwa likugulidwa zingati lero, mudzabwerako mukulipatsa ulemu tebulo la agogo lija munaliponya kuseri kwa nyumba. Loterolo ine ndimakana kuliphimba. Ndimangolipala ndi sandipepa n'kupaka vanishi, mizere yake yofiira ionekere. Decoupage ndi ya tebulo lomwe linapsa ndi mbaula, kapena la paini wotuwa. Koma chipboard chikamwa madzi osefukira a ku Kanyama n'kutupa, ndimauza mwini wake mosabisa kuti, “Amayi, musatayirepo ndalama apa.”

Chitenje chichapidwe ndi kusitidwa kaye. Guluu ndi woyera uja wa matabwa, wosungunula ndi timadzi pang'ono. Mumamata kuyambira pakati kumka m'mbali, mukukankha mpweya ndi khadi lakale, kenako mupakenso guluu pamwamba kawiri, muusiye uume tsiku lathunthu. Ambiri amadumpha apa chifukwa cha phuma, ndiye resin imalowerera m'nsalu n'kusiya mawanga, chitenje n'kuoneka ngati pepala lokulungira zitumbuwa.

Resin imabwera m'mabotolo awiri, lina la resin yeniyeniyo, lina la hardener. Siuma ndi mphepo monga penti. Imalimba chifukwa mankhwala awiriwa akumana, n'chifukwa chake chitini chosakanizira chimayamba kutentha m'manja. Muyeso wolembedwa pabotolo, kaya 1:1 kaya 2:1, si woyesa ndi maso. Ena amaonjezera hardener kuti ntchito ithe msanga, mapeto ake tebulo limakhala lonata mpaka kalekale. Takasani modekha kwa mphindi 3, mukupala m'mbali ndi pansi pa chitini. Musanathire, onetsetsani kuti tebulo silinapendekeke, pakuti simenti ya m'nyumba zambiri za m'komboni ndi yokwera kwina, ndipo resin imathamangira kotsika n'kudonthera pansi. Timatabwa pansi pa miyendo timathetsa vutoli. Tithovu tikatuluka, pititsani heat gun pamwamba mwachangu, osaima malo amodzi.

Nyengo ya mu Lusaka ili ndi zake. Fumbi la mu Ogasiti limakamatirira pa resin yosalimba, choncho vundikirani ndi katoni yaikulu. Kuzizira kwa mu Juni kumachedwetsa kulimba, ndipo chinyezi cha m'dzinja chimaichititsa mbuu. Pakatha maola 24 mukhoza kukhudza, koma dikirani maola 72 musanaikepo kanthu.

Chimene chimandiwawa mtima ndi kuona anyamata m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata akusakaniza mankhwalawa ndi manja osavala, kenako n'kusamba ndi thinner. Khungu likayamba kudana ndi resin limatupa ndi kuyabwa nthawi iliyonse mwaigwira, ndipo sizibwereranso. Mwana wanga, vala magolovesi, gwirira ntchito popita mphepo, ndipo ang'ono ako asamasewerere pafupi.

Inu ogula, poto wochokera pamoto musamutereke pa resin, amasiya chizindikiro chozungulira chosachoka. Tebulolo likhalenso m'nyumba, chifukwa padzuwa resin imasanduka yachikasu.