Tiyambe Tapuma Tisanatole Mkwapulo

Kuno kwa Kasakula tonse tikudziwa kuti mikangano ya m'banja imachuluka mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha. Kusukulu nako, chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, mphunzitsi mmodzi amalimbana ndi chinamtindi cha ana. Mtima ukatopa chotere, mkwapulo umakhala pafupi, ndipo kawirikawiri umagwera mwana wosalakwa.

Mkwiyo umaonekera m'thupi: mtima umagunda msangamsanga, mpweya umafupika, mapewa amauma. Tsono tiyambe ndi thupi lomwelo. Tikhale pansi, tikoke mpweya ndi mphuno tikuwerenga mpaka 4, kenaka tiutulutse pang'onopang'ono tikuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya mosafulumira ndiko kumatsitsa kugunda kwa mtima. Tibwereze kasanu tisanayankhe munthu. Aphunzitsi angathe kuchita zimenezi pamodzi ndi ana akangochokera ku buleki. Sizilira choko kapena ndalama.

Kupuma sikudzaza nkhokwe ayi, komanso sikufafaniza mlandu, poti lamulo la 2006 limaletsa nkhanza za m'banja. Mnzathu akatha masabata osagona tulo, osadya bwino, tidziwitse atsogoleri a mphakati ndipo timuperekeze kuchipatala.