Matabuleti alowa m'kalasi: phindu likupita kwa yani?

Mayi wogulitsa usipa pamsika wa Nkhotakota akamva mwana wake wa Sitandade 2 akusimba za tabuleti ya kusukulu, saganiza za masheya. Komatu kunja kuno alipo anthu amene amawerengera phindu pa chipangizo chilichonse cholowa m'kalasi, ndipo nkhani yawo ili ndi phunziro kwa wageni aliyense.

Pamene mabungwe a VSO ndi onebillion ankayamba kuphunzitsa ana kuwerenga ndi masamu pa matabuleti m'dziko muno, mupulojekiti ya Unlocking Talent, ankagwiritsa ntchito ma iPad a kampani ya Apple. Kampani imeneyi si yamasewera: mu 2018 inakhala yoyamba ku America kufika mtengo wa madola 1 thiriliyoni pamsika wa masheya. Koma pamsika wa sukulu yakumana ndi mpikisano woopsa. Ku America komweko sukulu zambiri zinathamangira ma Chromebook otsika mtengo. Kuno kwathu pulogalamu ya boma ya BEFIT, yomwe inayamba mu 2023 ndi cholinga chofikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse zaboma, ikugwiritsa ntchito matabuleti a Android otchajidwa ndi sola.

Wogulitsa mpunga amazidziwa izi. Kilombero anunkhire bwanji, wogula matumba ambiri a sukulu yogonera amayamba wafunsa mtengo.

Nanga wageni wa ku Dwangwa kapena ku Chia angagule masheya a Apple? Masheyawa amagulitsidwa m'madola pamsika wa Nasdaq ku New York, pomwe ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho munthu wotumiza uthenga pa WhatsApp kuti ali ndi masheya akunja obereka pakutha pa sabata, n'kupempha ndalama pafoni, ayenera kukayikiridwa.

Msika woyandikira ndi wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, komwe malonda amachitika m'makwacha. Kampani ya TNM inalowa pamsikawu mu 2008, Airtel Malawi mu Febuluwale 2020 pamtengo wa K12.69 sheya imodzi. Illovo Sugar Malawi, mwini wa fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, aliponso. Koma wina asagule masheya a makampani a foni poganiza kuti matabuleti a m'sukulu achulukitsa ogula mabandulo: maphunziro ake amayenda popanda intaneti. Phindu lingadze mtsogolo, ana ozolowera zipangizozi akadzakula.

Wofuna kuyesa adzere kwa mabuloka ovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, monga Stockbrokers Malawi Limited, atatenga chitupa cha unzika. Aikemo ndalama yomwe angathe kuiiwala kwa zaka zingapo, osati mpamba wopikulira nsomba kudoko kapena yangongole ya ku banki m'khonde. Mtengo wa sheya umakwera n'kutsika ngati wa usipa nthawi ya mwera, ndipo gawo la phindu limabwera pokhapokha kampani ikalengeza.

Kwa ambiri, phindu lapafupi lili pakhomo: kutchaja mafoni ndi sola, kugulitsa matchaja ndi mabatire, kukonza mafoni, kusindikiza mapepala pafupi ndi sukulu. Zimenezi sizifuna dola, ndipo ndalama yake imaoneka dzuwa lisanalowe.