FOLOKO YA NJINGA YAKALE: YEZANI MUSANAGULE

Ku Mzilawaingwe, mumzinda wa Mzuzu, njinga zonyamula anthu zimene kumeneko amazitcha Sacramento zimadyetsa mabanja ambiri. Aphunzitsi ndi alimi a m'midzi yozungulira amadaliranso njinga. Fulemu yachitsulo imakhala zaka zambiri, koma foloko ndi khosi lake zimatha msanga chifukwa cha maenje, katundu wolemera ndi mvula yambiri ya ku Mzuzu. Mwezi uno tikufotokozerani za kusintha ziwalo zimenezi.

Foloko ndiyo chitsulo cha miyendo iwiri chogwira gudumu lakutsogolo. Pamwamba pake pali mpope wolowa m'khosi la fulemu. M'khosimo muli tizikho tiwiri, kapamwamba ndi kapansi, m'mene mumagubuduzika timipira tachitsulo. Timeneti ndito timachititsa kuti chiwongolero chizitembenuka mofewa.

Kodi mungadziwe bwanji kuti zatha?

Gwirani buleki yakutsogolo, nimukankhire njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda, khosi lakhwepa. Kenaka nyamulani gudumu ndi kutembenuza chiwongolero pang'onopang'ono. Chikamakodwa pakati, tizikho takumbika ndipo tifunika tatsopano. Yang'ananinso miyendo ya foloko. Utoto wosweka kapena makwinya pachitsulo ndicho chizindikiro chakuti njinga inagunda chinthu. Foloko ya mng'alu musaikwerenso, pakuti ikathyoka pamtsetse wokwera amagwa chamutu.

Pogula yatsopano

Apa ndipo anthu ambiri amatayira ndalama. Mafoloko onse sali ofanana.

Choyamba ndi kukula kwa mpope. Njinga zambiri zakale zili ndi mpope wa inchi 1, ndiwo mamilimita 25.4, wokhala ndi mazinga omangirapo nati. Njinga zambiri zopangidwa kuyambira m'ma 1990 zili ndi mpope wa mamilimita 28.6, wopanda mazinga. Wotere sungalowe m'fulemu yakale.

Chachiwiri ndi mazingawo. Njinga zakale za Raleigh za ku Nottingham, ku Mangalande, zili ndi mazinga 26 pa inchi, pamene zina zambiri zili ndi 24. Nati ikakana, musaiumirize ndi sipanala, mudzaononga zonse ziwiri.

Chachitatu ndi mphete yokhala patsinde pa mpope, imene timipira tapansi timayendapo. Ina ndi ya mamilimita 26.4, ina 27. Kusiyana kwake n'kochepa, koma ina imagwedera, ina siilowa.

Chachinayi ndi utali. Mpope wautali mungathe kuudula, koma waufupi ulibe mankhwala. Miyendonso ilingane ndi gudumu lanu: foloko ya gudumu la mainchi 26 siikwana pa la mainchi 28, ndipo mabuleki sadzafika pamalo pake.

Chifukwa chake nyamulani foloko yakale popita kusitolo, muziike pamodzi ndi kuyerekeza. Ngati mukayika, funsani mmisiri wa njinga. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pomanga

Tsukani zonse ndi palafini, nimupukute bwino. Polowetsa tizikho tatsopano tsamiritsani thabwa, musamenye chitsulo ndi nyundo. Pakani girisi wambiri. Dzazani timipira tatsopano kuzungulira, kenaka chotsanipo kamodzi kuti tipeze malo oyendamo. Musasakanize takale ndi tatsopano. Mangani kachikho kapamwamba ndi dzanja kufikira kugogoda kutatha, koma chiwongolero chizitembenukabe chokha. Pamenepo limbitsani nati yapamwamba. Chitsulo cha chiwongolero chilowe mumpope kufikira mzere wolembedwapo utabisika.

Foloko yopindika musaiwongole pamoto, chifukwa moto umafooketsa chitsulo. Ndipo chaka chilichonse mvula ikatha, masulani khosi ndi kupaka girisi watsopano.

Aphunzitsi, chonde werengerani nkhaniyi ana a sukulu ndi anansi anu amene ali ndi njinga. Mtengo wa girisi ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa foloko, ndipo moyo wa amene mwamunyamula kumbuyo uli m'manja mwanu.