Kachirombo Sikatsala Pakhomo: Za Mankhwala a ARV pa Ulendo

Abale ndi alongo athu amene mukutimvera, makamaka inu a kwa Mavwere ndi a m'midzi yonse ya m'boma la Mchinji, lero tifuna kukambirana nanu nkhani ya ulendo. Ife a kumalire kuno ndife anthu a pamsewu. Msewu waukulu wochokera ku Lilongwe umadutsa pakati pathu, nukafika pa chipata cha Mwami, nuloŵa m'dziko la Zambia kulinga ku Chipata. Kumwera kwathu kuli Mozambique. Fodya akayandikira kuokedwa, ena a ife amanyamuka ndi banja lonse kukagwira utenanti ku Kasungu kapena kutsidya kwa malire. Mtedza ndi soya zikacha, amalonda sagona pakhomo. Mu Febuluwale Angoni amapita ku Ncwala ku Mtenguleni, mu Ogasiti Acheŵa amapita ku Kulamba ku Mkaika, ndipo maliro a mbale wa kutsidya sasankha mwezi. Anyamata athunso ambiri ali ku Johannesburg.

Tsono pakati pa apaulendo onseŵa alipo ambiri amene amamwa mankhwala a ARV tsiku ndi tsiku, pakuti m'Malaŵi muno anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachirombo ka HIV. Ambiri akakhala pakhomo amamwa mokhulupirika. Pamene pamaduka chingwe m'paulendo: mapiritsi aiŵalika pawindo, kapena athera kuminda ya eni, kapena munthu wachita manyazi kuwatulutsa pamaso pa apongozi. N'chifukwa chake tati tilongosole bwino zimene mankhwalaŵa amachita m'thupi, zimene zimachitika munthu akadukiza, ndi zimene wapaulendo ayenera kukonzeratu.

Tiyambe ndi kukumbukira kumene tachokera. Wodwala Edzi woyamba anapezeka m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 munthu wosauka analibe kothaŵira. Akuluakulu amene mukutimvera mukuzikumbukira zaka zimenezo, muja makasu a adzukulu sankapuma. Boma linayamba kugaŵa ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Mu 2011 Malaŵi anakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ayambe mankhwala a moyo wonse. Mu 2016 khomo linatsekukira onse: aliyense wopezeka nako ayambe pomwepo, osadikira kudwala. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri amamwa m'bulu umodzi wokha patsiku, mmene muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Chinthu chimene anzathu ambirimbiri anafa akuchilakalaka, lero chimakwana m'thumba la malaya.

Nanga mankhwalaŵa amagwira ntchito yotani? Kachirombo ka HIV sikangathe kuswana pakokha. Kamaloŵa m'maselo a m'magazi otchedwa CD4, amene timawatcha asilikali a m'thupi, nikalemba malangizo ake m'kati mwa selolo, kotero kuti msilikali uja amasanduka chisa choswera adani. Tenofovir ndi lamivudine amaletsa kachiromboko kukopera malangizo akewo. Dolutegravir amakaletsa kuwasokerera m'kati mwa selo. Munthu akamamwa mosadumphitsa, m'miyezi yoŵerengeka tizirombo timachepa m'magazi mpaka makina a kuchipatala osationanso. Pamenepo asilikali amachulukanso, thupi limabwerera, ndipo akatswiri anatsimikiza kuti munthu wotere sapatsira mkazi wake kapena mwamuna wake kachiromboko pogonana.

Koma apa m'pofunika kumvetsa. Kachiromboko sikanafe, kabisala m'maselo ena amene ali chigonere, mmene mankhwala sangakazule. Alimi mumaudziŵa udzu wa namsongole: mukapalira, munda umaoneka woyera, koma mizu ili pansi, ndipo mukangogoneka khasu waphukanso. Mankhwala a tsiku limodzi ndi khasu la tsiku limodzi. Chiŵindi ndi impso zimachotsa mankhwala m'thupi pang'onopang'ono usana ndi usiku, motero mphamvu ya m'bulu wa lero imakhala itayamba kuzilala pofika maŵa. Munthu akaleka, tizirombo timaonekanso m'magazi mwake pakangopita sabata imodzi, ziŵiri kapena zoŵerengeka, iye akudzimva wamphamvu, akuthyola fodya ngati anzake onse. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Makolo anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mwatsoka, madzi aŵa sapita.

Zoopsa za kudukiza zilipo zinayi. Choyamba, asilikali amayambanso kutha, ndipo matenda monga chifuwa chachikulu ndi matenda oumitsa khosi amapeza khomo lotsekula. Chachiŵiri, munthu amayambanso kupatsira ena: mkazi amene anatsala kumudzi, kapena mwana amene ali kubere. Chachitatu, kachirombo kamatha kupima. Pamene kakuswana kamalakwitsalakwitsa pokopera, ndipo mwa ana ake mumatuluka ena amene mankhwala sawagwira bwino. Munthu akamamwa lero, n'kudumpha masiku atatu, n'kumwanso, mankhwala amakhalamo m'thupi koma ochepa, okwanira kupha ofooka n'kusiya olimba, monga umo anankafumbwe amachitira m'thumba la chimanga lothira mankhwala opereŵera. Dolutegravir ndi wolimba pa zimenezi kuposa mankhwala akale, koma naye ali ndi malire ake. Chachinayi anthu ambiri sachidziŵa: tenofovir ndi lamivudine amagonekanso kachirombo kena, ka matenda a chiŵindi otchedwa hepatitis B. Munthu amene ali ndi tizirombo tonse tiŵiri akasiya mwadzidzidzi, chiŵindi chimatha kutupa koopsa, maso n'kusanduka achikasu.

Tsopano tibwere ku ulendo weniweni. M'mera m'poyamba: ulendo wa munthu wa pa ARV umayambira kuchipatala, asanagule tikiti ndi pomwe. Mukadziŵa kuti muchoka, pitani kumene mumalandira mankhwala, ngakhale tsiku lanu lisanakwane, mukanene mosabisa kumene mukupita ndi nthaŵi imene mukakhaleko. Kuyambira mu 2019 zipatala za m'dziko muno zimatha kupatsa munthu amene akumwa bwino, amene magazi ake aonetsa kuti tizirombo tachepa, mankhwala a miyezi 6 nthaŵi imodzi. Ameneŵa ndi mabotolo aŵiri okha a mapiritsi 90. Ngati tsiku loyezetsa magazi layandikira, pemphani akuyezeni musanachoke. Ngati mukusamuka kwa nthaŵi yaitali, monga kupita ku utenanti kwa dzinja lonse, pemphani kalata yosamukira, kuti chipatala cha kumene mukupitako chikakulandireni monga munthu wodziŵika, chikudziŵa mtundu wa mankhwala anu ndi tsiku limene munayamba.

Poŵerenga mapiritsi, musaŵerenge masiku a ulendo okha. Ulendo suyenda monga tinaupangira: maliro amabala maliro ena, bwana amachedwetsa malipiro, mlatho umakokoloka. M'chaka cha 2020, mliri wa COVID-19 utavuta, maiko anatseka zipata, ndipo anthu amene ankati akachita sabata ziŵiri ku South Africa anakhalako miyezi. Nyamulani oposerapo, a sabata ziŵiri kapena mwezi wathunthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mankhwala amene mwasiya m'sutikesi kumudzi si anunso tsiku limenelo.

Kanyamulidwe nakonso n'kofunika. Mapiritsi akhale m'botolo lawo lomwe, lotseka bwino, pamodzi ndi kaphukusi koyamwa chinyezi kamene kamakhalamo, pakuti kutentha ndi chinyezi zimawononga mankhwala. Musawamange papepala kapena pakansalu, ndipo musawasiye padzuŵa kapena pafupi ndi injini ya galimoto. Akhale m'kachikwama kamene kali m'manja mwanu, osati m'katundu amene waikidwa pamwamba pa basi kapena m'ngolo yakumbuyo, chifukwa katundu amasoŵa, amanyowa, ndipo nthaŵi zina amatsala pachipata mwini wake atapitirira. Kadi lanu la mankhwala ndi kabuku ka kuchipatala ziyende nanu, ndipo amene ali ndi foni yojambula ajambule masamba ake ndi dzina la pabotolo. Botolo lolembedwa bwino ndi kabuku ndizo zimakuyankhirani ngati wapachipata afunsa.

Za nthaŵi yomwera musade nkhaŵa. Malaŵi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa ola limodzi, motero amene amamwa 8 koloko madzulo kwa Mavwere amwenso 8 koloko ku Lusaka, ku Tete kapena ku Durban. Ku Tanzania ndi ku Kenya wotchi imatsogola ndi ola limodzi, ndipo kusiyana kotereku sikuwononga kanthu. M'bulu umenewu ungamwedwe ndi chakudya kapena popanda chakudya, kotero kusoŵa nsima panjira si chifukwa cholekera. Sungani kabotolo ka madzi basi. Mukaiŵala, lamulo n'losavuta: ngati mwakumbukira asanapite maola 12, imwani pomwepo, ndipo wotsatira mudzamwe pa nthaŵi yake, ngati maola 12 apitirira, dikirani nthaŵi yanu ya masiku onse. Musamwe aŵiri nthaŵi imodzi pofuna kubweza ngongole.

Chenjeraninso ndi mankhwala ogula panjira. Aja oziziritsa kutentha kwa pamtima, ndiponso mapiritsi oonjezera magazi ndi olimbitsa mafupa, amamanga dolutegravir m'matumbo kuti asaloŵe bwino m'magazi. Ngati muyenera kumwa, yambani ARV, papite maola 2; kapena ngati mwayamba enawo, papite maola 6. Amene ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu mmene muli rifampicin amapatsidwa kam'bulu kena ka dolutegravir koonjezera, komwa patapita maola 12, kameneko kasatsale. Bactrim asatsale, ndipo mayi amene akunyamuka ndi khanda lomwe likulandira mankhwala oliteteza anyamule botolo la mwana pamodzi ndi lake.

Nanga zikavuta, mankhwala atha kapena abedwa muli kutali? Musakhale chete kudikira tsiku lobwerera. M'Malaŵi muno malamulo a zachipatala amalola munthu wotere kuloŵa pa chipatala chilichonse chogaŵa ma ARV, cha boma kapena cha mishoni, kuonetsa kadi kapena kabuku kake, n'kulandira mankhwala a mwezi umodzi omufikitsa kwawo. Ku Zambia, ku Mozambique ndi ku South Africa akugwiritsa ntchito mankhwala atatu omwewo, ngakhale botolo ndi mtundu wa m'bulu zingasiyane, ndipo kalata yanu idzathandiza wachipatala kudziŵa chokupatsani. N'zoona kuti mlendo m'dziko la eni nthaŵi zina amalandiridwa mozizira, makamaka amene alibe mapepala. N'chifukwa chake tikulimbikira za kunyamuliratu okwanira. Koma mukabwezedwa pakhomo limodzi, gogodani lina. Safunsa anadya phula. Chinthu chimodzi chokha musachite: kukadzionetsa ngati munthu amene sanayezetsepo, n'kulembetsanso mwina ndi dzina lina. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Wachipatala amene sadziŵa mbiri yanu angakupatseni mankhwala amene kachirombo kanu kanapima kale. Ndipo amene mwadukiza kale, miyezi itatu kapena chaka, bwererani lero lomwe, mukanene zoona. Kukalipiridwa pang'ono sikupha munthu.

Tatsala ndi chopinga chachikulu koposa zonse, chimene sichili m'botolo koma m'mitima yathu: manyazi. Pamaliro anthu amagona khumi m'nyumba imodzi, ndipo botolo likalira m'chikwama, maso onse amatembenuka. Mkazi wofika kumene kwa apongozi, mnyamata wogona m'chipinda chimodzi ndi anzake a kuntchito, amasankha kudumpha masiku kusiyana ndi kunenedwa. Mlandu umenewu ngwa ife tonse. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi sitimunena; nanga uyu timamulozeranji chala, pamene kumwa kwakeko ndiko kukuteteza banja lake ndi mudzi wonse? Inu olandira alendo, mlendo akapempha madzi usiku mpatseni, mafunso muwasunge. Inu mabwana a m'minda ya fodya, tenanti akapempha tsiku lopita kuchipatala musamudule malipiro, pakuti wodwala sakakuthyolerani tsamba. Inu apaulendo, uzani munthu mmodzi wokhulupirika amene angakukumbutseni, kapena kukutumizirani mankhwala zikavuta, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Tinenenso za anzathu amene amapita kutali kukapemphereredwa, nabwerako atauzidwa kuti achira, ataye mapiritsi. Pemphero ndi lokoma, ndipo limalimbitsa wodwala. Koma nzeru za achipatala nazonso ndi mphatso, ndipo ziŵirizi sizilimbana. Magazi akapezeka opanda tizirombo tooneka, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Si chizindikiro chakuti asiyidwe. Manda a anthu amene anataya botolo pobwera ku mapemphero alipo m'midzi yathu, ndipo ana awo tikuwalera ndife.

Motero, abale ndi alongo, pamene mukumanga katundu wa ulendo ulinkudzawu, ufa, chitenje ndi chiphaso zidikire kaye. Yambani mwaŵerenga mapiritsi, ikani kabuku pambali pake, ndipo ngati sakukwana, maŵa m'maŵa ulendo woyamba ukhale wa kuchipatala. Amene mukuwasiya pakhomo akuyembekeza ndalama za fodya ndi katundu wa ku Joni, inde, koma chimene akudikira koposa ndi inuyo, mutabwera ndi miyendo yanu. Muyende bwino, ndipo mukafike ndi moyo.