MBALAME ZOSOKERA NJIRA: ALENDO ODZA NDI KALUMO KAKUTHWA

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene kwathu kuno dzuŵa likuswa mtengo ndipo alimi ali kalikiliki kusosa m'minda, kumaiko akumpoto monga Ulaya, Siberia ndi Canada nyengo imakhala ikutembenuka. Masamba amayamba kuyoyoka m'mitengo, usiku umatalika, ndipo tizilombo touluka timene mbalame zimadya timasoŵa. Tsono mbalame zosaŵerengeka zimauyamba ulendo wopita kummwera, kuthaŵa chisanu ndi njala. Zina mwa izo, monga anamzeze, zimafika mpaka kuno ku Malaŵi cha m'nthaŵi ya mvula yoyamba. Zochuluka zimakafika bwinobwino kumene zinalinga. Koma chaka chilichonse pamakhala zina zoŵerengeka zimene zimataya njira ndi kukatera kudziko lachilendo, kumene mtundu wao suyenera kupezeka. Nkhani yathu mwezi uno ndi ya alendo otereŵa, ndi zimene anthu aphunzira kwa iwo.

Namondwe wa chaka cha 2023

Pa 16 Seputembala 2023 namondwe wotchedwa Lee anaomba kugombe la Nova Scotia, kum'maŵa kwa dziko la Canada. Imeneyo inali nthaŵi yomwe timbalame tating'ono ta m'nkhalango za kumeneko tinali paulendo wopita ku South America. Mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo inatikokolola ndi kutiolotsa nyanja ya Atlantic, mtunda woposa makilomita 3,000, popanda mtengo wakuti n'kuterapo ngakhale madzi akumwa.

Patapita masiku anai okha, anthu okonda kuyang'ana mbalame ku Britain ndi ku Ireland anayamba kuona zodabwitsa. Pa 20 Seputembala, pamalo otchedwa St Govan's Head m'dera la Pembrokeshire ku Wales, panaoneka kambalame kotchedwa Magnolia Warbler, kamene kanali kachitatu kuoneka m'mbiri yonse ya Britain. Pachisumbu cha Ramsey, m'dera lomwelo, panatera Bay-breasted Warbler. Ndipo pa 23 Seputembala panapezeka Canada Warbler, kambalame kachikasu pamtima, kolemera magalamu ngati 10, kofanana msinkhu ndi timba wathu. Mtundu umenewu unali usanaonekepo ku Britain chiyambire. Malo ake othaŵirako chisanu ndi mapiri a Andes, m'maiko monga Colombia ndi Peru, koma iko kanapezeka kakusaka tizilombo m'tchire la m'mbali mwa nyanja ku Wales. Anthu anayenda usiku wonse pagalimoto kuchokera m'mizinda yakutali kuti akangokaona ndi maso ao.

Chifukwa ninji mbalame imasokera?

Mphepo ndiyo chifukwa choyamba, koma si yokhayo ai. Pali chinthu china chimene akatswiri anaona kalekale: mbalame zambiri zosokera m'nyengo imeneyi zimakhala anapiye a chaka chomwecho, amene ali paulendo wao woyamba.

Katswiri wina wa ku Netherlands, A. C. Perdeck, anayesa nkhaniyi mwanzeru. Iye ndi anzake anagwira mbalame za mtundu wa Starling zoposa 11,000 zimene zinali kudutsa m'dziko lao, naziveka timphete ta manambala kumwendo, nakazimasula ku Switzerland, kutali ndi njira yao ya masiku onse. Zotsatira zake anazilengeza m'chaka cha 1958. Mbalame zikuluzikulu, zimene zinayendapo kale ulendowo, zinazindikira kuti zasunthidwa, ndipo zinakhota kuloŵera kumalo ao ozoloŵera, kumpoto kwa France ndi kummwera kwa England. Koma anapiye anangoloŵera mbali yomwe ija anali kuloŵera asanagwidwe, motero anakathera kummwera kwa France, ku Spain ndi ku Portugal, kumene makolo ao sankapitako.

Apa tiona kuti mwanapiye amabadwa akudziŵa mbali yoti aloŵere ndi utali wa nthaŵi yoti aulukire. Amatsogozedwa ndi dzuŵa, nyenyezi ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Chimene iye alibe ndi chikumbukiro cha malo, pakuti ichi chimadza ndi kuyenda. Mphepo ikamkankhira pambali sadziŵa kuti wapatuka. Ndiponso nthaŵi zina mwanapiye amabadwa ndi kampasi yokhota, kotero kuti amauluka ndi mtima wonse kuloŵera kolakwika.

Zambiri zimafa, zina zimatsegula njira

Tisabise chilungamo: mathero a mbalame yosokera kaŵirikaŵiri amakhala omvetsa chisoni. Pa kambalame kamodzi kofika kumtunda, tilipo tambiri timene timatopa ndi kugwera m'nyanja popanda wotiona. Kofikako kamakhala katatha mafuta onse a m'thupi, chisanu chili pafupi, ndipo kubwerera kwao n'kovuta zedi chifukwa mphepo ya panyanjapo imaomba mopenyana nako.

Komabe si zonse zimene zimatayika. Kambalame kotchedwa Blackcap ka pakati pa Ulaya kamathaŵira chisanu kummwera chakumadzulo, ku Spain ndi kumpoto kwa Afirika. Kuyambira cha m'ma 1960 anthu a ku Britain anayamba kuona timbalame timeneti m'minda ya maluŵa ya kuseri kwa nyumba zao m'kati mwa chisanu, tikudya chakudya chimene eni nyumba amaikira mbalame. Timphete ta kumwendo tinaonetsa kuti tinali kuchokera ku Germany ndi maiko oyandikana nalo. Katswiri wa ku Germany, Peter Berthold, ndi anzake anaŵeta tina mwa ito, ndipo m'chaka cha 1992 anaonetsa kuti ana ake nawonso amabadwa akufuna kuloŵera kumadzulo, mbali ya ku Britain. Njira imene poyamba inaoneka ngati kusokera inasanduka mseu wa mibadwo yotsatira.

Palinso Yellow-browed Warbler, kolemera magalamu ngati 6, kamene kamaswa ku Siberia ndi kuthaŵira chisanu kummwera chakum'maŵa kwa Asia. Kale kuona kamodzi ku Britain inali nkhani yaikulu. Lero timaoneka mazanamazana chaka ndi chaka, makamaka pazisumbu monga Fair Isle, kumpoto kwa Scotland, kumene nyumba yoŵerengera mbalame inatsegulidwa m'chaka cha 1948. Akatswiri akufufuza ngati timbalameti tikungosokera kapena tikulambula njira yatsopano. Paja akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mbalame imodzi yosokera ingathe kutiuza za kusintha kwa nyengo ndi kwa maulendo a mtundu wake wonse.

Mboni iyenera kunena zoona

Nzeru zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, ndicho kukhulupirika kwa munthu wonena kuti, ndaona. Mbalame yachilendo ikhoza kukhala pamalo ola limodzi n'kuuluka, osaonekanso. Chotsala ndi mau a mboni.

Anthu a ku Britain anaphunzira zimenezi moŵaŵa. Pakati pa 1892 ndi 1930, m'dera lozungulira tauni ya Hastings munamveka mbiri ya mbalame zachilendo zambirimbiri, zoposa za dera lina lililonse. Zochuluka zinali zakufa kale, ndipo zinadzera m'sitolo ya munthu mmodzi amene ntchito yake inali kuumika zikopa za mbalame ndi kuzigulitsa kwa anthu olemera. M'chaka cha 1962 akatswiri anaŵerengera bwino nkhaniyi, napeza kuti kuchuluka kotero sikukanatheka. Anakayikira kuti mbalamezo zinkabwera pasitima zapamadzi zitaziziritsidwa, kenaka n'kunenedwa kuti zaomberedwa pomwepo. Zolembedwa 595 zinafafanizidwa m'kaundula. Taganizani ntchito ya zaka zambiri imene inaonongeka, ndi mabuku amene anaphunzitsa anthu zonama!

Masiku ano dzikolo lili ndi komiti, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1959, yoyesa umboni wa mbalame iliyonse yachilendo. Woona amalemba tsiku, malo, msinkhu wa mbalame, maonekedwe a nthenga, mlomo ndi miyendo, kulira kwake, ndipo amaperekanso chithunzi ngati chilipo. Komiti ikapanda kukhutira imakana, ngakhale mboniyo ikhale yotchuka chotani.

Kudekha kotere kumapindula. M'chaka cha 2008, pa dziŵe la Tophill Low m'dera la Yorkshire, kabaŵi wina anakhala pafupifupi mwezi wathunthu, anthu akumuyesa wa mtundu wina wodziŵika wa kum'maŵa kwa Ulaya. Pambuyo pake, atapenyetsetsa zithunzi zoonetsa nthenga zoyera za kunsi kwa mapiko, anazindikira kuti anali Amur Falcon, woyamba kuoneka ku Britain. Kabaŵi ameneyu amaswa kum'maŵa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, amadutsa India, naoloka nyanja yaikulu kudza kummwera kwa Afirika. Anzake a mlendo wa ku Yorkshire uja anali paulendo wodza mbali yathu ino, kudzadya ngumbi ndi ziwala za m'dzinja. Inde, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Dziko la Malaŵi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ina mwa iyo ndi ya alendo ochokera kumpoto, amene amatera m'madambo, m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja monga Chilwa. Ngati mbalame zimasokera ku Ulaya, zimasokeranso kuno. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko maso oyang'ana ndi manja olemba ndi ochuluka.

Inu anyamata, mukaona mbalame imene simunaionepo, dzanja lisathamangire ku legeni kapena ku ulimbo. Kanyama kake sikangakwane ndi mbamu imodzi yomwe ya nsima, pamene mwina kauluka kuchokera kutsidya la nyanja. Khalani phee, muiyang'anitsitse, mulembe m'kope tsiku, malo ndi maonekedwe ake, ndipo mujambule ngati muli ndi foni. Mulembe zokhazo zimene mwaona, osaonjezera. Mukapeza mbalame yakufa yokhala ndi mphete kumwendo, koperani manambala ndi mau onse a pamphetepo, mukapereke kwa aphunzitsi a kalabu ya zachilengedwe pasukulu panu kapena kwa ogwira ntchito yosamala nyama zakutchire. Kwinakwake kuli munthu amene anaiveka mpheteyo, ndipo akudikira kumva kumene inakathera.

Inu makolo, ndinu amene mumadziŵa maina a mbalame za m'dera lanu ndi nyengo imene iliyonse imafika. Aphunzitseni ana anu zimenezi poyenda kumunda ndi pokhala pabwalo madzulo. Mwana amene sadziŵa mpheta, pumbwa ndi namzeze sangathe kuzindikira mlendo akafika. Mvula yoyamba ikagwa chaka chino, tulukani nawo limodzi, mukweze maso kumwamba, muŵerenge amene afika.