Cigumu ca Mandimu Potsanzikana ndi Mnzanu

Inu acikumbe a kwa Nsamala, mnzanu wolima naye cimanga akamanka ku Joni, asakwere basi pa Balaka cimanjamanja. Mphikireni cigumu ca mandimu, cikhale kamba wa pa ulendo.

Sakanizani makapu 3 a mgaiwa, nthoci 4 zakupsa, shuga, mcere, madzi pang'ono ndi kasupuni ka soda. Potsiriza finyiranimo mandimu 2, pakuti madzi ace owawasa akakumana ndi soda atupitsa cigumu. Thirani msanga m'mphika wodzoza mafuta, nimuike makala pansi ndi pa cibvundikiro.

Dziko la Balaka nlouma. Cifukwa cace bzalani mtengo wa mandimu pamene mutaya madzi otsukira mbale. Mnzanuyo pobwera adzaupeza utabala.